Kagetsi ka oyilo kakuphethira, ndithire oyilo wolimba?

Owerenga wina wanditumizira imelo kuti Sienta yake ikatentha nkuima pa roboti, kagetsi kofiira ka oyilo kamaphethira, ndiye anzake amuuza kuti angothira oyilo wolimba wa 20W-50 zitheka. Achimwene, funso lanuli landikhudza kwabasi chifukwa umu ndi mmene inathera injini ya Vitz ya alamu anga.

Kwa iwonso zinayamba chonchi, makaniko wina wapansi pa mtengo anati oyilo wake ndi wamadzimadzi, nkuthira wolimba uja, kagetsi nkuzimadi, aliyense nkusangalala. Pasanapite nthawi tili pa M1 titangodutsa Dedza injini inayamba kugogoda, kenako nkunoka. Titamasula sampu, chibeseni cha pansi pa injini momwe mumakhala oyilo, ndinaona ndi maso angawa, kasefa komwe pampu imakokera oyilo katatsekeka ndi phala lakuda bii, kuphatikiza tizidutswa ta silikoni yemwe munthu wina anapaka mopyola muyeso pomata sampuyo. Pampu ikoka chani pamenepo? Ma bearing anauma, crankshaft nkukalika, ndalama yomwe inapita pamenepo mpaka lero alamu safuna kuikamba.

Ine ndiye sindibisa, oyilo wolimba sachiza kanthu, amangophimba matenda. Injini za 1NZ zomwe zili mu ma Sienta ambiri zili ndi VVT-i, yosintha nthawi yotsegukira ma valve, imene imagwira ntchito ndi mphamvu ya oyilo wodutsa mtimipata ting'onoting'ono, ndiye mmawa kukazizira wolimbayo amachedwa kufika kumtunda. Chimandipweteka china ndi oyilo wogula mmabotolo a madzi mmbali mwa msewu, simudziwa anachokera kuti, mwinanso anakhetsedwa mu galimoto ina. Munthu yemweyo wagula ma rim onyezimira ndi ma sipika, koma fyuluta akuti ibwererepo yakale yomweyo, chonsecho amayenda mmisewu ya fumbi tsiku ndi tsiku komwe ine sindingadutsitse makilomita 5,000 osasintha oyilo ndi fyuluta.

Ndiye muchite chani

Musayendetsenso. Onani kaye pa dipstick, kachitsulo koyezera oyilo kaja, galimoto itaima pamalo athyathyathya. Ngati oyilo alimo wokwanira, makaniko achotse switch ya oyilo yomwe imayatsa kagetsiko, amangepo geji ayeze pressure injini itatentha. Ikakhala bwino ndiye kuti switch ndi yomwe yafa, ndipo siyodula. Ikakhala yotsika amasule sampu, atsuke kasefa, ayang'ane pampu ndi ma bearing, kenako fyuluta yatsopano ndi oyilo yemwe buku la galimoto yanu likunena, wogula mchigubu chomata.