Mafuta osamutsidwira kumatako: zimatha bwanji munthu akaonda kapena akanenepa?

FUNSO: Ndine mayi wa zaka 34 ndipo ndimakhala ku Johannesburg, komwe ndimagwira ntchito yoluka tsitsi. Chaka chatha ndinachitidwa opaleshoni ya BBL, ija amapopa mafuta pamimba ndi m'chiuno n'kukawabaya kumatako. Ndinkalemera makilogalamu 66, koma anandiuza kuti mafuta ndinali nawo ochepa, choncho ndinadya mwadala kwa miyezi inayi mpaka ndinafika pa 74. Opaleshoni itatha ndinkaoneka bwino zedi, koma chibwerereni kuntchito, komwe ndimaima tsiku lonse ndipo nthawi zina ndimaiwala ndi kudya komwe, thupi latsika mpaka pa 67. Tsopano kumbuyo kwaphwa, mathalauza amene ndinagula aja akukhwepa, ndipo mbali ya kumanzere kuli kokumbika pang'ono. Kodi dokotala uja anandibera, kapena mafuta aja anasungunuka? Wodandaula, Johannesburg.

YANKHO: Pepani mayi, ndalama zimene munawononga si zochepa ndipo kudandaula kwanu n'komveka. Malinga ndi zimene mwalembazi, mafuta anu sanasungunuke, ndipo ambiri mwa maselo (tizigawo ting'onoting'ono tamoyo timene timapanga mafutawo) amene anagwira akadalipo pomwe anawaikapo. Chimene chachitika n'chakuti maselowo aphwa limodzi ndi thupi lonse, chifukwa zimene dokotala anasamutsa si pulasitiki kapena chinthu chakufa chimene chimakhala mmene anachiikira, koma ndi nyama yanu yamoyo, imene imadya inu mukadya ndipo imaonda inu mukaonda.

Aliyense amene anawokerapo mbande za tomato kapena za fodya akudziwa kuti si mbande zonse zimene zimagwira, ndipo mafuta osamutsidwa nawonso ndi chimodzimodzi. Akawapopa, maselo amakhala atadulidwa ku mitsempha ya magazi imene inkawadyetsa, ndipo kumalo atsopanowo amayamba ndi kuyamwa chakudya kuchokera ku madzi a m'thupi owazungulira podikira kuti timitsempha tatsopano timere n'kuwafika. Amene timitsempha tawafika msanga amagwira, pomwe otsalawo amafa ndipo thupi limawachotsa pang'onopang'ono. N'chifukwa chake madokotala amabaya mafutawo pang'onopang'ono m'timizere tambirimbiri m'malo mowakhuthulira pamalo amodzi, ndipo n'chifukwa chakenso anakuletsani kukhalira matako m'masabata oyambirira aja. Madokotala ambiri a ntchitoyi amanena kuti mwa magawo 100 a mafuta obayidwa, amene amagwira amakhala pakati pa 60 ndi 80, ndipo maonekedwe enieni amadziwika pakatha miyezi itatu mpaka 6. Choncho zimene munaziona pagalasi mwezi woyamba, ndi zimene mwina munajambulitsa n'kutumizira anzanu, mbali ina kunali kutupa chabe.

Maselo amene anagwirawo tsopano ali ngati matumba m'nkhokwe. Munthu wamkulu akanenepa, kawirikawiri matumbawo sachuluka koma amadzaza, ndipo akaonda sachepa koma amaphwa. Kafukufuku wa ku Karolinska Institutet m'dziko la Sweden, amene anafalitsidwa mu 2008, anapeza kuti chiwerengero cha maselo a mafuta chimakhazikika munthu akafika pauchikulire, ndipo sichisintha kwenikweni ngakhale munthuyo ataonda kwambiri, ngakhale kuti chaka chilichonse pafupifupi maselo 10 mwa 100 alionse amafa n'kulowedwa m'malo ndi atsopano. Inu munapita kuchipatala matumba anu atadzaza mopitirira mmene amakhalira masiku onse, dokotala anawasamutsa ali choncho, ndipo mutabwerera ku moyo wanu weniweni wa ku saluni anabwerera pa mlingo wawo wakale. Makilogalamu 7 pa thupi ngati lanu si pang'ono, ndipo kutsikako kwaonekera kwambiri kumalo kumene mafuta anaunjikidwa.

Apa ndinene maganizo anga mosabisa. Langizo lakuti munenepe kaye kuti mupeze mafuta opopa ndi limene linakugwetsani, ndipo ndimalikayikira nthawi zonse ndikalimva, chifukwa limapereka zithunzi zokongola za miyezi yoyamba koma siliganizira za zaka zimene munthu adzakhale ndi thupilo. Madokotala osamala amafuna kuti munthu abwere ali pa kulemera kumene wakhala nako kwa miyezi ingapo popanda kudzikakamiza, ndipo opaleshoni ikatha amalangiza kuti asakwere kapena kutsika ndi makilogalamu opitirira awiri mpaka asanu. Sindinganene kuti anakuberani, koma ngati sanakuuzeni kuti mudzafunika kukhalabe pa 74 kuti maonekedwewo akhalitse, ndiye kuti anakubisirani mbali yofunika ya nkhaniyi.

Za kokumbika kumanzereko, n'zotheka kuti mafuta a mbali imeneyo anagwira ochepa, ndipo kusiyanako kunkabisika pamene munali wonenepa. Mukamva pali chotupa cholimba pansi pa khungu, mwina ndi mafuta amene anafa n'kuuma, ndipo ndi bwino kuti dokotala apaone ndi makina a sikani. Ngati pakupweteka, pafiira, patentha kapena pakutuluka madzi, musadikire tsiku lina. Mukanenepa pang'ono kumbuyoko kudzadzazanso, koma musathamangire opaleshoni yachiwiri thupi lisanakhazikike pa kulemera kumene mungathe kukhala nako mukugwira ntchito yanu yomweyo.

FUNSO: Ndinachitidwa opaleshoni imeneyi zaka zitatu zapitazo, ndisanabereke mwana wanga wachiwiri. Chiberekereni ndawonjezera makilogalamu 12. Chodabwitsa n'chakuti chiuno chikadali chaching'ono, koma mikono, msana wa kumtunda ndi matako zakula moti zovala za kuntchito sizikundikwana bwino, ndipo mimba yatuluka koma ndi yolimba, yosatsinika. Kodi mafuta amabwerera pamene anawapopa? Namwino, Leeds.

YANKHO: Amayi, vuto lanu ndi lomwe lija koma mbali yake inayo. Pamene anapopa panatsala maselo ochepa, ndipo ngakhale otsalawo amadzazabe mukanenepa, sangasunge mafuta ochuluka ngati kale. Thupi likakhala ndi mafuta ofunika kusunga silitaya, limangoyang'ana kumene kuli matumba ambiri, ndipo kwa inu malo amenewo tsopano ndi kumatako komanso mbali zimene sizinapopedwe, monga mikono ndi msana. Palinso madokotala amene amaona kuti mafuta osamutsidwa amasunga khalidwe la kumene anachokera, kutanthauza kuti ngati kale munkayamba kunenepa pamimba, maselo a pamimba amene ali kumbuyowo ndi amene amafulumira kudzaza.

Zimenezi zinaonekera bwino m'kafukufuku wa ku University of Colorado ku America, wofalitsidwa mu 2011, pomwe akazi amene anapopedwa mafuta anapezeka kuti patatha chaka chimodzi mafuta a m'thupi mwawo anali atabwerera pa mlingo wakale, koma sanabwerere m'ntchafu mmene anapopedwa, m'malo mwake anakaunjikana cha kumimba. Koma chimene chandigwira mtima kwambiri m'kalata yanu ndi mimba yolimba yosatsinikayo, ndipo poti ndinu namwino mwina mwaganizapo kale. Mafuta amene amapopedwa ndi a pansi pa khungu okha, pomwe palinso ena amene amakhala mkati mwenimweni, mozungulira matumbo ndi chiwindi, kumene chitsulo chopopera sichifika. Amenewa ndi amene amayendera limodzi ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima. Ku University of São Paulo m'dziko la Brazil, kafukufuku wa mu 2012 anapeza kuti akazi amene anapopedwa mafuta pamimba n'kukhala osachita masewera olimbitsa thupi, mafuta awo a mkatiwa anawonjezeka ndi pafupifupi magawo 10 pa 100 m'miyezi 6, pomwe kwa amene ankachita masewerawo sanawonjezeke. Chiuno chaching'ono chingathe kunamiza munthu kuti zonse zili bwino mkati muli zina, choncho yezetsani shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo dokotala aonenso ngati minofu ya pamimba sinatalikirane chifukwa cha pakati paja, popeza zimenezinso zimatulutsa mimba mwa amayi ambiri amene angobereka kumene.

Mukaonda pang'onopang'ono n'kubwerera kufupi ndi kulemera kumene munali nako pa nthawi ya opaleshoni, maonekedwe akale adzabwerera ndithu, ngakhale kuti khungu limene latambasuka ndi makilogalamu 12 silibwerera lonse, makamaka zaka zikamapita. Chimene chimawononga kwambiri ndi kukwera ndi kutsika mobwerezabwereza, chifukwa ulendo uliwonse khungu limakokedwa n'kusiyidwa, mpaka matako amayamba kugwa m'munsi. Dziwaninso kuti mukadzafika msinkhu wosiya kusamba, thupi lidzayamba kusungira mafuta pamimba kuposa m'chiuno ndi m'ntchafu monga zimachitikira akazi ambiri, ndipo opaleshoni yakale ija siletsa zimenezo.

FUNSO: Ndili ndi zaka 26, ndimalemera makilogalamu 52, ndipo ndakhala ndikusunga ndalama zoti ndipite ku Turkey kukachititsa BBL chifukwa anzanga amandiseka kuti ndilibe mbina. Wina wandiuza kuti ndizimwa mankhwala opatsa chilakolako cha chakudya kuti ndinenepe msanga ndisanapite. Kodi ndi nzeru yabwino? Mtsikana, Lilongwe.

YANKHO: Achemwali, werengani kalata yoyamba ija, chifukwa njira imene akukuuzaniyo ndi yomweyo imene inakhumudwitsa mayi wa ku Johannesburg, ndipo inu mukufuna kuwonjezerapo mankhwala. Mankhwala amadzi otchuka pa nkhaniyi, monga Apetamin, ali ndi cyproheptadine, amene amagoneka tulo, amachititsa chizungulire ndipo mwa anthu ena anavulaza chiwindi. Ku Britain ndi ku America Apetamin ndi wosaloledwa kugulitsidwa, ndipo bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza anthu za mankhwalawa mu 2023. Ena amamwa mapiritsi a dexamethasone, amene ndi oipa koposa pa cholinga chanu, chifukwa akamwedwa nthawi yaitali amatupitsa nkhope, amaunjika mafuta pamimba ndi kukhosi uku akuondetsa minofu ya m'miyendo ndi ya kumatako komweko, amakweza shuga ndipo amachedwetsa mabala kupola.

Muyeneranso kudziwa kukula kwa chimene mukufuna kulowamo. Kumatako, pansi pa mafuta, kuli minofu yokhala ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi, ndipo mafuta akabayidwa mozama n'kulowa m'mitsemphayo amayenda ndi magazi mpaka kukatseka m'mapapo, munthu n'kufera pa tebulo pomwepo kapena patangopita maola ochepa. Lipoti la akatswiri a ku America la mu 2017 linayerekeza kuti pa nthawiyo pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 3,000 ochitidwa opaleshoniyi ankamwalira. Mu 2018 bungwe la madokotala a ntchitoyi ku Britain, la BAAPS, linalangiza mamembala ake kuti asiye kuichita, ndipo linawalolanso mu 2022 pokhapokha ngati mafuta akubayidwa pansi pa khungu basi, pamwamba pa minofu, dokotala akuona ndi makina a sikani kumene nsonga ya chitsulo chake ili. Ku Florida m'dziko la America, kumene kunafa anthu angapo, akuluakulu a zachipatala analamula mu 2022 kuti makina amenewa azigwiritsidwa ntchito ndiponso kuti dokotala mmodzi asapitirire maopaleshoni atatu otere pa tsiku. Lamulo lobaya pansi pa khungu lokhalo likukukhudzani mwachindunji, chifukwa mwa munthu woonda malo amenewo ndi opapatiza ndipo salandira mafuta ambiri, choncho aliyense amene akulonjeza mbina yaikulu kwa munthu wa makilogalamu 52 afunsidwe bwinobwino kuti mafutawo awatenga kuti ndipo akawaika pati. Onjezerani apo ulendo wautali wa pandege wobwerera kuno mabala ali aawisi, pamene ngozi ya magazi kuundana m'miyendo ili yaikulu ndipo kukhala pampando n'koletsedwa, komanso funso lakuti adzakuonani ndani ku Lilongwe bala likadzayamba kutuluka mafinya. Pa thupi ngati lanu, miyezi 6 yolimbitsa minofu ya kumatako ponyamula zolemera, uku mukudya mazira, nyemba, usipa ndi mtedza mokwanira, ingasinthe maonekedwe kuposa mmene anzanuwo akuganizira.

FUNSO: Ndinachitidwa BBL mu 2021, ndipo tsopano dokotala wandilembera jakisoni wa Ozempic chifukwa cha matenda a shuga. Kodi kumbuyoku kuphwa? Mayi, Cape Town.

YANKHO: Mukaonda kuphwa ndithu, mayi, chifukwa mankhwala a semaglutide amene ali mu jakisoniyo amachepetsa njala ndipo thupi limatapa mafuta kulikonse kumene lili nawo, osasankha kuti awa anagulidwa ndi ndalama. Komabe musasiye kapena kudumphitsa mankhwala a shuga pofuna kuteteza maonekedwe, chifukwa shuga wosasamalidwa amawononga maso, impso ndi mapazi. Anthu oonda ndi mankhwalawa amataya ndi minofu yomwe, choncho kudya zakudya zomanga thupi ndi kuchita masewera olimbitsa ntchafu ndi matako kudzathandiza kuti pansi pa mafuta otsalawo pakhale chowagwira. Mukadzafuna opaleshoni ina iliyonse, muuzeni msanga dokotala wogoneka anthu kuti mumabaya jakisoniyu, popeza amachedwetsa chakudya kuchoka m'mimba ndipo munthu angathe kusanza ali m'tulo ta mankhwala ngakhale atasala kudya monga anamuuzira.