Achemwali, ayodini ameneyo amasokonezadi shuga

Mwafunsa ngati radioactive iodine, kapisozi wa ayodini wofooketsa chithokomiro, amasokoneza shuga kwa ife odwala matenda a shuga. Inde achemwali, shuga amasokonekera mukamwa ayodini ameneyu, wina asakunamizeni kuti n'zongoganiza. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopyola muyeso chimakweza shuga, chiwindi chimatulutsa wambiri ndipo insulin sikhalitsa m'thupi. N'chifukwa chake ine adokotala anali atandiwonjezera insulin. Nditamwa kapisozi uja, masabata oyamba shuga anakweranso, poti chithokomiro chimayamba chakhuthula kaye mahomoni. Koma pakapita miyezi iwiri itatu chimafooka, ndiye insulin yomwe ija imakuchulukirani.

Palibe anandiuza zimenezo! Ndinakadandaula kuchipatala kuti ndikumadzuka usiku thukuta lili kamukamu, mutu ukuwawa. Amene ndinamupezayo sanandiyang'ane n'komwe, anangolemba m'buku kuti ndipitirize momwemo. TSH, yosonyeza mmene chithokomiro chikugwirira ntchito, osayeza, shuga osafunsa, maso ali pa foni.

Ndiye tsiku lina ndili mumsika waukulu wa Zomba, ndikugula matemba a ku Chilwa, ndinangoona maso achita chidima, lilime lalemera, chenje chikundikanika kuwerenga. Mtima sunandichenjeze, chifukwa ndinkamwanso propranolol, ndipo mankhwala amenewa amabisa kunjenjemera ndi kugunda kwa mtima. Ndinangoti khu pansi, m'matope, chitenje chitamasuka. Anyamata ena akuseka, ati mayiwa ayamba m'mawa kachasu. Ine ndikumva zonse koma pakamwa osatseguka. Mayi wina wogulitsa tomato ndi amene anaona kamakina koyezera shuga m'chikwama mwanga, nandimwetsa Sobo pang'onopang'ono. Atandiyeza, shuga anali pa 42. Mpaka lero ndikamukumbukira wa pa foni uja mtima umandiwawa, ndikadafera pamenepo ana anga n'kumva kuti mayi awo anafa ndi mowa.

Koma ayodiniyo imwani, musaope, changa chithokomiro chinakhazikika. Mlingo wa mankhwala musasinthe nokha, mverani adokotala, kungoti musatuluke m'chipindamo asanakulembereni zoyeza TSH ndi T4, homoni ya chithokomiro, pakatha masabata 4 mpaka 6. Shuga muziyeza m'mawa ndi pogona, ngakhale timapepala tikudula chonchi. Akatsika pansi pa 70, sungunulani masupuni a tiyi atatu a shuga m'madzi, imwani pompo. Ngati mumamwa mapiritsi a shuga a glibenclamide samalani kwambiri, nayenso amagwetsa. Akadzakuyambitsani levothyroxine, mankhwala a chithokomiro chofooka, shuga angathe kukweranso, mlingo uwonedwenso. Ndipo bambo akunyumba auzeni lero lomwe zoyenera kuchita mukayamba kuyankhula zosamveka.