Fayilo yotumizidwa ndi linki imakhala kuti?

Mayi wina wandilembera imelo ali ndi funso. Akuti anatumizira mnzake wa kuntchito vidiyo yaikulu pa Gmail, ndipo m'malo momata vidiyoyo pa kalata, Gmail inaika linki. Patapita miyezi malo awo osungira mafayilo anadzaza, iwo n'kufufuta mafayilo akale mu Google Drive, mosungira mafayilo pa intaneti mwa Google. Tsopano mnzawoyo akuti linki ija sikutsegukanso, chonsecho imelo ikadalipo. "Si ndinamutumizira kale? Nanga yapita kuti?"

Mayi, vidiyo ija sinachoke kwa inu mpang'ono pomwe. Fayilo ikaposa 25 MB, Gmail imaikweza mu Drive yanu, ndipo mu kalata mumapita njira yokafikira kumeneko basi. Zili ngati mwampatsa munthu kiyi wa chipinda chanu m'malo mompatsa katundu m'manja. Mukachotsa katunduyo, kiyi amakhala nayebe, koma akatsegula sapeza kanthu.

Malire a 25 MB aja ali ndi chifukwa. Imelo inapangidwira mawu olembedwa okha, choncho chithunzi kapena vidiyo zimayamba zasandutsidwa zilembo kuti zidutse. Njira yake imatchedwa Base64, ndipo ma byte (timagawo ting'onoting'ono ta fayilo) atatu aliwonse amasanduka zilembo zinayi. Fayilo ya 18 MB imayenda ngati 24 MB. Komanso si mbali yanu yokha imene ili ndi malire. Seva ya wolandira, kompyuta imene imamulandirira makalata, ili ndi ake, ndipo ena ndi ochepa kwambiri: Postfix, pulogalamu imene mabungwe ambiri amayendetsera imelo, imabwera ndi malire a pafupifupi 10 MB ngati woyang'anira sanawasinthe. N'chifukwa chake kalata imatha kuchoka bwinobwino kwa inu n'kukakanidwa uko.

Linki imazemba zonsezi, koma vuto limangosamukira ku malo osungira. Akaunti yaulere ya Google ili ndi 15 GB, ndipo Gmail, Drive ndi Google Photos zimagawana malo omwewo. Vidiyo iliyonse imene mwatumiza ndi linki imadya malo anu, osati a wolandira. Malo akadzaziratu, ngakhale imelo zatsopano zimasiya kulowa, ndipo apa m'pamene anthu amayamba kufufuta mwachangu osaona kuti ndi fayilo iti imene wina akudalira. Ku Microsoft nkhani ndi yomweyo ndi OneDrive, kumene malo aulere ndi 5 GB. Apple ili ndi yake, Mail Drop: imalola mpaka 5 GB ndipo sidya malo anu a iCloud, koma linki imafa yokha pakatha masiku 30.

Choyamba kuchita, pitani mu Drive muyang'ane mu Trash. Zofufutidwa zimakhala m'menemo masiku 30. Ngati vidiyo ikadalimo, ibwezeretseni ndipo linki yakale ija igwiranso ntchito. Ngati nthawi inadutsa, muyenera kuikwezanso kuchokera pa foni kapena kompyuta n'kutumiza linki ina, chifukwa fayilo yatsopano imakhala ndi adiresi yakeyake ngakhale dzina likhale lomwelo. Nthawi ino muwauze anzanuwo kuti aikopere pa chipangizo chawo tsiku lomwelo.

Pali china chimene simunafunse koma n'chofunika. Popeza fayilo ili kwa inu, mukaisintha, wolandira amaona yosinthidwayo, osati imene munatumiza. Pa ntchito imene mukulembera limodzi, zimenezi n'zabwino. Koma pa mgwirizano, lisiti kapena kalata yofunsira ntchito, ine sindikonda linki n'komwe. Chikalata chotere chikhale PDF yomatidwa pa imelo yeniyeniyo, kuti aliyense akhale ndi kope lake losasinthika. Nthawi zambiri mafayilo otere safika ngakhale 2 MB, ndiye palibe chowopera.

Muonenso amene mwamulola kutsegula. Mukasankha kuti aliyense amene ali ndi linki atsegule, imelo ikangopatsiridwa kwa wina, nayenso alowa. Mukasankha munthu mmodzi, ayenera kulowa ndi akaunti yomweyo imene mwatchula, apo ayi azingouzidwa kuti apemphe chilolezo. Pa vidiyo ya kuntchito ngati yanuyi, ine ndikanatchula anthu ake mmodzimmodzi, n'kuika mafayilo onse otumizidwa mu foda imodzi yolembedwa dzina loonekeratu, kuti tsiku lofufuta musaikhudze.