Kwa mchemwali amene wafunsa ngati usekilitale uli ndi tsogolo

Pa makalata onse amene ndalandira pa imelo mwezi uno, imodzi yandisowetsa tulo. Yachokera kwa mtsikana wa zaka 24 amene wangopeza kumene ntchito yothandiza abwana mu ofesi, ndipo anzake akumuuza kuti wataya sukulu yake pachabe. Funso lake ndi lalifupi: "Kodi ntchitoyi ili ndi tsogolo, kapena ndidzakalambira pa desiki lomweli?"

Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga kanayi. Ndayamba kuyankha kawiri konse n'kufufuta, chifukwa funso limeneli ndinayenera kudzifunsa ndili msinkhu wanuwo, koma ine ndinadzifunsa patapita zaka 11, madzi atafika kale m'khosi.

Ndinayamba ntchitoyi ndili ndi zaka 23. Desiki langa linali pafupi ndi chitseko cha abwana, moti aliyense wofuna kulowa ankayamba wadutsa kwa ine. Panali foni ziwiri, dayale yachikuto chofiira, ndi kabati yachitsulo ya madirowa anayi. Dirowa lachitatu linkakakamira, ndipo kuti litseguke ndinkalikankha kaye ndi bondo kenako n'kukoka. M'dirowa limenelo ndi mmene munkakhala makontirakiti ndi makalata amene sankayenera kuonedwa ndi wina aliyense. Chisanathe chaka ndinali nditadziwa kuti lero abwana adzuka bwanji pongomva mmene aponyera makiyi patebulo. Akawaika mwakachetechete, ndinkalowetsa anthu. Akamveka kuti khwechere, ndinkauza aliyense kuti abwere masana.

Ndinkaikonda ntchito imeneyi, ndipo mpaka lero sindichita manyazi kunena choncho. Pali chisangalalo china chake chimene munthu amamva msonkhano wa anthu makumi awiri ukayamba pa nthawi yake, aliyense ali ndi mapepala ake m'manja, popanda wodziwa kuti dzulo lake chipinda chinali chitaperekedwa kwa gulu lina ndipo iwe unathamanga mpaka kuchilanditsa. Pofika chaka chachisanu, makalata ambiri ndinkalemba ndekha kuyambira pa moni mpaka pamapeto, abwana n'kungosaina osawerenga. Malipoti a miyezi itatu iliyonse ndinkasonkhanitsa ndine. Bajeti ya dipatimenti yathu ndinkaidziwa kuposa amene ankaiteteza pamaso pa akuluakulu. Anthu a maudindo awo ankandipatsa moni mwaulemu m'makonde, ndipo ine ndinkaganiza kuti ulemuwo ndi wanga.

Kenako abwana aja anapuma pantchito. Amene anabwera m'malo mwawo anabwera ndi wowathandiza wawo amene anazolowerana naye kwina. Anandiitana a HR, ofesi yoona za ogwira ntchito, n'kutsegula fayilo yanga ine ndili pomwepo. Pepala lofotokoza ntchito yanga linali lomwe lija ndinasaina tsiku loyamba, la mizere itatu: kuyankha foni, kutayipa makalata, kusunga mafayilo. Ndinawauza za malipoti, za bajeti, za makalata. Mayi amene ankandifunsayo sanali woipa mtima. Anangondifunsa mofatsa kuti, "Pali pena pamene zalembedwa?" Panalibe. Lipoti lililonse linali ndi dzina la abwana, ndipo langa silinkaoneka ngakhale pakona. Anandisamutsira polandirira alendo. Tsiku lopereka makiyi a kabati ija ndinamuonetsa mnzanga watsopanoyo mmene dirowa lachitatu limatsegukira, kenako ndinapita m'chipinda chosungira mafayilo akale n'kulira mpaka maso kutupa.

Akuluakulu amati ukakhala pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Ine zaka 11 ndinali pamsana pa njovu.

Pano ndiyambe ndakangana ndi anzanu aja. Mawu akuti "ndi sekilitale chabe" amandiwawa ngati munga. Dzina lenilenilo linachokera ku mawu a Chilatini otanthauza chinsinsi, ndipo poyamba sekilitale anali munthu amene mafumu ndi akuluakulu ankamusungitsa zinsinsi zawo. Kwa zaka mazana ambiri ntchitoyi inali ya amuna, ndipo mnyamata ankailowa podziwa kuti akuphunzira bizinesi yonse kuti tsiku lina adzaiyendetse. Zinthu zinasintha makina otayipira atabwera. Christopher Latham Sholes ndi anzake analembetsa makina awo mu 1868, kampani ya Remington inayamba kuwagulitsa mu 1874, ndipo zilembo za QWERTY zimene zala zanu zimagunda pa kompyuta lero zinachokera kumeneko. Maofesi anayamba kulemba akazi ambirimbiri kuti azitayipa ndi kulemba shotihandi, njira yolembera mwachangu ndi zizindikiro, ya Isaac Pitman ya mu 1837 kapena ya John Robert Gregg ya mu 1888. Akazi atangodzaza mu ntchitoyi, makwerero aja anachotsedwa. Mnyamata ankalowa ngati wophunzira, koma mtsikana ankalowa ngati wodzakhala pomwepo mpaka atakwatiwa. Chinyozo chimene anzanu akukuuzanicho gwero lake ndi limeneli, si kuti ntchitoyo ndi yopepuka.

  

Maina okhudza ntchitoyi asinthidwa kangapo. Bungwe la asekilitale la ku America limene linayamba mu 1942 ndi dzina lakuti National Secretaries Association, mu 1998 linakhala International Association of Administrative Professionals. Tsiku lokumbukira asekilitale limene linayamba mu 1952 nalonso linasinthidwa dzina mu 2000. Ndilibe nazo vuto zimenezi, koma kusintha dzina pachitseko sikunabwezere makwerero aja. Ndipo ndinene mosapsatira: m'maofesi ambiri, wothandiza abwana akamagwira bwino ntchito ndi pamene mwayi wake wokwezedwa umachepa. Bwana amene wapeza munthu womudziwa mtima safuna kumutaya. Mpata ukapezeka ku dipatimenti ina, iye amangoti zii, kapena amanena mokoma kuti, "Ndingatani ine popanda iwe?" Mawu amenewa ndinauzidwa kambirimbiri ndipo ndinkapita kunyumba mtima uli mbee. Lero ndimaona kuti bwana aliyense amene amanena mawuwa koma osalemba kalata yoti ukwezedwe akukudyera masuku pamutu, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Kale ndinkawaikira kumbuyo abwana anga kuti anali munthu wabwino, anangoiwala. Pano ndinasiya. Munthu amene saiwala kusaina lipoti limene wina walemba sangaiwale kwa zaka 11 kuti wolembayo ali ndi dzina.

Anthu akamafuna kukulimbikitsani adzakutchulirani Colleen Barrett. Nkhani yake ndi yoona. Anayamba ngati sekilitale wa loya Herb Kelleher chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo anadzakhala pulezidenti wa kampani ya ndege ya Southwest Airlines kuyambira 2001 mpaka 2008. Koma muione bwino nkhaniyo. Pakati pa zaka zimenezo anapatsidwa maudindo enieni, olembedwa, kuyambira mu 1978, ndipo ankakwera ndi dzina lake. Adzakutchuliraninso Ursula Burns, amene anakhala mkulu wa kampani ya Xerox mu 2009 atagwirapo ntchito yothandiza akuluakulu a kampaniyo kuyambira mu 1990. Iyeyu analowa pa desikilo ali kale injiniya wa madigiri awiri, atagwira ntchito pakampanipo zaka khumi, ndipo anakhalapo kanthawi kuti aone mmene akuluakulu amagamulira nkhani, kenako anapita kukayendetsa magawo akeake. Onse awiri desikilo linawaphunzitsa zambiri, koma chimene chinawakweza ndi ntchito imene inali ndi dzina lawo.

Za makompyuta nazonso sindikubisirani. Kale makampani akuluakulu ankakhala ndi chipinda chodzaza anthu otayipa okhaokha. Zipinda zimenezo zinatha pamene bwana aliyense anayamba kudzilembera yekha pa Word ndi kudzikonzera misonkhano pa Outlook. Lero wothandiza mmodzi amatumikira mabwana atatu kapena asanu, ndipo mapulogalamu a AI ayamba kulemba makalata ndi maminitsi a msonkhano. Mizere itatu ija ya pa pepala langa ndi imene makina akudya. Chimene sanadye ndi kudziwa kuti mlendo uyu alowe pompano ngakhale sanapangane, kuti kalata iyi isatumizidwe lero chifukwa abwana ailemba atakwiya, kuti nkhani imene wamva pa foni ithere m'khutu mwako.

Ine ndinatuluka bwanji? Ndili polandirira alendo paja, nthawi inalipo yambiri, ndipo ndinayamba kulemba m'kope zonse zimene ndinkachita zaka zija. Ndinadabwa kuona kuti gawo limene ndinkaligwira osayang'ana wotchi linali logula katundu: kuitanitsa makotesheni atatu, kuwayerekeza, kukambirana ndi ogulitsa, kulondola katundu amene wachedwa. Ndinalembetsa maphunziro a CIPS, bungwe loona za ukatswiri wogula katundu, n'kumawerenga usiku ana atagona. Ndili ndi zaka 37 ndinalowa mu ofesi yogula katundu pa udindo wotsikitsitsa, limodzi ndi achinyamata amene anangochoka kumene ku koleji. Zinandipweteka, koma pa fomu iliyonse imene ndinkakonza pankakhala dzina langa.

Nanga inu muchite chiyani?

Ntchitoyi musaisiye. Palibe desiki lina mu ofesi pamene munthu wa zaka 24 angaone ntchito za madipatimenti onse nthawi imodzi. Njira zotulukira pamenepo ndi ziwiri. Yoyamba ndi kukwera mu ntchito yomweyi, kukhala wothandiza mkulu wa kampani yonse kapena woyang'anira ofesi, ndipo satifiketi ya ukatswiri pa ntchitoyi yotchedwa CAP, ya bungwe lija la ku America, imathandiza pamenepa. Yachiwiri ndi kulowera m'mbali: ku HR, kowerengera ndalama kudzera ku maphunziro a AAT kapena ACCA, kogula katundu, kapena koyendetsa mapulojekiti ndi satifiketi ya PRINCE2 kapena CAPM. Zisanathe zaka ziwiri mukhale mutasankha. Phunzirani Excel mozama, mpaka ma pivot table, njira yosanjira manambala ambiri mwachidule, osati kungolemba maina m'mizere. Gulani kope, ndipo Lachisanu lililonse lembani zimene mwachita ndi manambala ake: msonkhano wa anthu angati, ndalama zingati zimene mwapulumutsa. Chaka chilichonse pemphani kuti pepala lofotokoza ntchito yanu lilembedwenso.

Chovuta kwambiri pa zonsezi ndi kuuza abwana anu kumene mukufuna kupita. Ine sindinayesepo n'kamodzi komwe, ndinkaona ngati n'kusayamika. Auzeni msanga, mwaulemu, tsiku limene makiyi aikidwa mwakachetechete: "Bwana, ndikufuna m'tsogolo muno ndidzagwire ntchito ku HR, ndiye pakakhala ntchito yokhudza kumeneko mundiganizire." Kenako muone zimene achite miyezi isanu ndi umodzi yotsatira. Amene adzakutumizeni kumaphunziro kapena kukutchulani dzina mu msonkhano, khalani naye ndipo mutumikireni ndi mtima wonse. Amene adzangoseka n'kunena kuti sangathe popanda inu, yambani kukonza CV mwakachetechete.

Mtsikana amene akuthandiza mu ofesi yathu pano wangotha chaka chimodzi. Lipoti loyamba limene anasonkhanitsa ndinamubwezera kuti akalembepo dzina lake pansi pa mutu, ndipo anandiyang'ana modabwa ngati ndamupempha chinthu choletsedwa. Anakalemba, zilembo zing'onozing'ono, ndipo ndinamubwezeranso kuti akulitse.

Achemwali, mukandilemberanso mundiuze zimene zalembedwa pa pepala lofotokoza ntchito yanu, mzere ndi mzere, komanso gawo la ntchito limene mumaligwira osayang'ana wotchi. Tikayambira pamenepo ndingathe kukuuzani maphunziro amene angakuyenereni.