Tifunseni za Zovala: Fashoni ya spring ndi dzuwa la Okutobala

Makalata a mwezi uno ambiri akukhudza masitayilo atsopano amene adzaza pa Instagram ndi TikTok. Oyankha ndi atelala komanso ogulitsa nsalu amene amathandiza tsamba lino.

Funso: Ndine mphunzitsi ku Zomba. Pa intaneti ndikuona amayi atavala diresi yopepuka, pamwamba jekete lalitali lomanga lamba, akuti ndiyo fashoni ya spring. Ndigule jeketelo kuti ndiziphunzitsira temu ino?

Yankho: Aphunzitsi, ndalama yanu isungeni kaye. Zovala zimenezo anazisokera anthu a ku London, Paris, Milan ndi New York, kumene spring, nyengo yobwera kuzizira kwakukulu kukatha, imayamba mu Malichi mpaka Meyi. Ku London mu Epulo kumacha kukuzizira pafupifupi madigiri 6, masana kufika 14 kapena 15, mvula yamawawa osati n'kusowa. Jeketelo ntchito yake ndi imeneyo. Chimene chimasokoneza n'chakuti makampani akuluakulu amaonetsa zovala za nyengoyi mu Seputembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala, miyezi isanu isanafike nthawi yozivala. Zithunzizo zimatipeza ife kuno masuku akuyandikira kupsa, dzuwa likuswa mtengo, ku Nsanje ndi ku Chikwawa kutentha kukufika madigiri 40.

Pa chithunzicho tengani zinthu ziwiri: kadulidwe ka diresi ndi mtundu wake. Zosanjikizazo zisiyeni. Ngati jekete mwalikonda ndithu, ligureni panopa pa kaunjika pamene ogulitsa sakulimbira mtengo wa zovala zofunda, mulisungire chiperoni cha Juni ndi Julayi.

Funso: Ndinasoketsa thalauzi lotambalala miyendo la chitenje. Laima ngati thumba, likundigwira pakati ndikakhala, ndipo nditangolichapa lafupika. Analakwitsa ndi telala kapena nsalu? Mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

Yankho: Mayi, mavuto mwatchulawa ndi atatu ndipo lililonse lili ndi gwero lake.

Kufupikako ndi chifukwa chakuti nsalu inadulidwa isanalowe m'madzi. Thonje ndi linen (nsalu yozizira bwino pathupi, yochita makwinya msanga) zimabwerera zikachapidwa koyamba, moti pa mamita atatu mutha kutaya masentimita 10 kapena kuposa. Musanapite kwa telala, viikani nsalu m'madzi ozizira usiku wonse, muichape ndi sopo pang'ono, muiyanike pamthunzi, muisite. Kuviikako kumachotsanso sitachi imene imaumitsa chitenje chatsopano, ndiye vuto la kuima ngati thumba limachepa. Koma tinene mosabisa: chitenje cholimba cha wakisi sichigwa bwino pa sitayilo iyi ngakhale muchiviike kangati. Thalauzi lotambalala limafuna nsalu yolendewera, monga linen, viscose (nsalu yofewa, yoterera) yolemererako, kapena chitenje chofewa chimene mukachikunga m'dzanja sichilira.

Nkhani ina ndi kuchuluka kwa nsalu. Chitenje chimodzi cha mamita awiri, chimene m'lifupi mwake ndi masentimita 110 mpaka 115, sichikwana. Mwendo uliwonse umadya utali wake wa nsalu. Ngati kuchokera m'chiuno kufika pansi muli masentimita 105, miyendo iwiri yatenga kale 210, osawerengera lamba wa m'chiuno, matumba ndi mpendero. Gulani mamita awiri ndi theka, kapena atatu ngati maluwa ake ndi akuluakulu ndipo mukufuna akumane pa msoko. Telala akapatsidwa nsalu yoperewera sakubwezani, amangoba pang'ono apa, pang'ono apo, kapena kutembenuza mwendo umodzi maluwa n'kuyang'ana pansi.

Kukugwirani pakati ndiye muyeso umene atelala ambiri amaudumpha. Khalani pa mpando wolimba, msana chilili, ayeze cham'mbali kuchokera m'chiuno kufika pa mpandowo, awonjezere masentimita awiri kapena atatu. M'mahipi asiye mpata wa masentimita 6 mpaka 8, apo ayi matumba a m'mbali amayasama. Kumapazi, mwendo ukagonekedwa patebulo ukhale masentimita 28 mpaka 32. Kupitirira apo ndi la pa siteji. Poyeza mpendero valani nsapato zimene muzivalira thalauzilo, ndipo lisiye masentimita awiri kuchokera pansi, poti fumbi la ku Lilongwe mu Okutobala mukulidziwa. Okwera kabaza azisonkhanitsa mwendo wa thalauzi m'dzanja kapena kuumanga ndi kalasitiki, chifukwa umakodwa mu sipoko.

Pamwamba valani bulauzi yogwira thupi, yopisira mkati kapena yothera m'chiuno. Chotambalala pansi ndi chotambalala pamwamba zimammeza munthu, makamaka wamfupi. (Achitsikana a lero mwina sadziwa kuti lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala thalauzi poyera m'dziko muno, mpaka linachotsedwa mu 1993.)

Funso: Mitundu yofewa ngati chikasu chotuwira ndi pinki wotumbuluka ndiyo yafala. Ine ndimagwira ntchito pa kauntala ndipo ndimatuluka thukuta kwambiri. Bulauzi zanga ziwiri zachita chikasu m'khwapa, ina ikuonekera mkati. Nditani? Mtsikana wa ku Mzuzu.

Yankho: Achemwali, chikasu cha m'khwapacho si thukuta lokha. Mankhwala ambiri opaka m'khwapa oletsa thukuta ali ndi aluminiyamu, ndipo akasakanikirana ndi thukuta amasiya banga limenelo. Pakani pang'ono, mudikire aume musanavale. Bulauzi ichapidwe tsiku lomwelo, ndipo musaisite banga lisanachoke, poti moto umalikhazikitsa. Pa zimene zathimbirira kale, sakanizani masupuni atatu a soda wophikira ndi supuni imodzi ya madzi, mupake phalalo pa bangalo, lidikire mphindi 30, mutsuke ndi madzi ozizira. Jik ayi: amasulutsa mtundu, ndipo banga la thukuta amatha kuliwonjezera chikasu.

Posankha nsalu, polyester yopyapyala ndiyo mdani wanu. Siyamwa thukuta, imamatirira pakhungu ndipo imasunga fungo. Thonje ndi linen zimayamwa n'kuuma. Ngati mtundu wofewawo mukuufunabe, uikeni kutali ndi khwapa: siketi, mpango, chikwama kapena nsapato. Pamwamba valani bulauzi yamaluwa, yoyera kapena yabuluu wakuda, imene sionetsa kunyowa msanga. Yotuwa ngati phulusa ndiyo imaulula thukuta kuposa zonse.

Za kuonekera mkati, ambiri amalakwitsa povala choyera pansi pa choyera. Choyera chimawala pa khungu lakuda, n'kujambula malire ake onse. Kamisolo, bra ndi pitikoti zikhale za mtundu woyandikana ndi khungu lanu, wa khofi kapena woderako. Poyesa chovala tulukani nacho panja, dzuwa likhale kumbuyo kwanu, mnzanu akuoneni. Kalilole wa m'shopu yamdima sanena zoona.

Funso: Zovala zanga zambiri ndimagula pa kaunjika. Ndingadziwe bwanji kuti iyi ndi linen kapena thonje lenileni, nanga masaizi bwanji amasiyana chonchi? Mayi wa ku Limbe.

Yankho: Yambani ndi kachikwangwani kosokeredwa mu msoko wa m'mbali, cha kumunsi, kawirikawiri kumanzere. Pamenepo pamalembedwa zimene nsaluyo inapangidwira. Linen amailembanso kuti lin, lino kapena Leinen, thonje kuti cotton, coton kapena Baumwolle, malinga ndi dziko limene belo lachokera. Ngati kachikwangwaniko kanadulidwa, fumbatani nsalu kwa masekondi asanu: linen imatsala ndi makwinya akuthwa ndipo imazizira m'dzanja, polyester imawongoka yokha. Kunyumba mutha kusolola ulusi mu msoko n'kuuyatsa ndi machesi pa mbale. Thonje ndi linen zimanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, pamene polyester imasungunuka n'kusiya kanjere kolimba.

Kachithunzi ka simbi pa kachikwangwaniko kakuuzani moto: kadontho kamodzi ndi madigiri 110, tiwiri 150, titatu 200. Linen isiteni ikadali yachinyezi. Viscose imafooka ikanyowa, choncho musaipotokole poifinya.

Masaizi amasiyana chifukwa mayiko amawerenga mosiyana: 12 wa ku Britain ndi 8 wa ku America, ndipo ku Germany ndi 38 kapena 40 malinga ndi kampani. Musadalire nambala. Yezani bulauzi ndi siketi zimene zimakukhalani bwino, mulembe miyesoyo, muziyenda ndi tepi m'chikwama.

Funso: Ndili ku Johannesburg, mng'ono wanga ali ku Leeds, ku England. Tonse tikufuna kuvala madiresi athu a chitenje mu spring osazizidwa.

Yankho: Kwa inu a ku Johannesburg spring ndi Seputembala mpaka Novembala: m'mawa kumazizirako, masana n'kutentha, ndipo kuyambira Okutobala mvula yamabingu imakonda kugwa madzulo. Jekete la jinzi kapena kajuzi kotsekula kutsogolo, kokwana m'chikwama, n'kokwanira. Mtundu wake utengedwe pa umodzi mwa mitundu ya m'chitenjemo, usakhale wamaluwanso.

A ku Leeds adikire Malichi, ndipo iwo ndiye oyenera jekete lalitali lija. Chitenje ndi thonje losanjikiza kamodzi, mphepo imapyoza. Diresi asoketse ndi layiningi, mkati avale kamalaya kogwira thupi ka manja aatali ndi masitonkeni okhuthala a 40 mpaka 60 denier (muyeso wa kukhuthala kwake), nsapato zikhale zotseka. Jekete lifanane utali ndi diresi kapena liipitirire pang'ono, chifukwa siketi yotambalala ikatulukira kunsi kwa jekete lothera m'ntchafu imatukumuka mosaoneka bwino.