Musafulumire Kujambulitsa Mfuti Pamkono

Achimwene, langizo langa ndi lakuti mudikire kaye musanajambulitse pakhungu tatuu ya mfuti yosonyeza kuti mukugwirizana ndi ufulu wokhala ndi mfuti ku America. Ufuluwo unalowa m'malamulo a dzikolo mu 1791, koma chizindikirocho chimagawanitsa anthu kwambiri, ndipo ena mwa amene aferedwa abale pa ziwembu za mfuti amachiona ngati chipongwe. Samalani makamaka ndi chilembo cha III%, chifukwa ndi cha gulu la anthu onyamula mfuti otsutsa boma lotchedwa Three Percenters, limene dziko la Canada linaliika m'gulu la zigawenga mu 2021.

Pankhani ya chipembedzo, mipingo ina imaletsa matatuu potsatira Levitiko 19:28, ndipo akuluakulu ambiri a Chisilamu amaletsanso, pomwe Akhristu a mpingo wa Coptic ku Egypt amajambulitsa mtanda padzanja. Ndaonapo mnzanga akuvala malaya a manja aatali nthawi zonse kutchalitchi ndi kuntchito chifukwa cha chithunzi chotere, ndipo kuchifufuta kunamudyera ndalama zambiri.

Kambiranani ndi abusa anu, ndipo ngati muli ndi matenda a shuga kapena zipsera zanu zimatupa, onanani ndi dokotala wa khungu musanapite kwa wojambula.