Nyimbo ya pafoni yandithera mayunitsi

FUNSO: Akonzi, Lachiwiri lapitali ndinaimbira foni kampani ina yomwe inandidula ndalama kawiri. Makina anati ndidine 1, kenako 3, basi nyimbo n'kuyamba. Inalira mphindi 24, yosasa ngati wailesi yotha mabatire, mawu a mayi wina akungobwereza kuti ndidikirebe. Ndinadula n'kuimbanso katatu konse. Kodi nyimboyi amaiikira dala kuti tigwe ulesi?
Mayi wotopa ndi kudikira

YANKHO: Pepani mayi. Nanenso zinandichitikirapo, khutu kuchita kutentha, foni ndikuisinthasintha manja.

Nyimboyo ntchito yake ndi kukuuzani kuti foni sinaduke. Pakangoti zii, munthu amayamba "halo, halo" kenako n'kudula. Chiyambi chake chinali changozi. Mu 1962, pafakitale ya Alfred Levy ku America, waya wa foni unakhudza chitsulo cha nyumbayo, ndipo anthu odikira pafoni anayamba kumva nyimbo za wailesi ina yapafupi. Levy anaona kuti apa pali malonda, ndipo mu 1966 boma linamulembetsa kuti nzeruyo ndi yake.

Kusasako ndiye si dala ayi. Foni anaikonzera mawu a munthu. Laini wamba imanyamula mamvekedwe a pakati pa 300 ndi 3,400 Hz okha (Hz ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa mawu), pomwe khutu labwino limamva kuyambira 20 mpaka 20,000 Hz. Kugunda kwa besi ndi tizoimbira tokwera mawu zimatsalira m'njira. Foni yam'manja imafinyanso zotsalazo, mwinanso n'kuziyesa phokoso lofunika kuchotsa. Yomwe imafika kwa inu ndi nyimbo yophwanyikaphwanyika.

Ine dandaulo langa lili pa mphindi 24 zija. Masamu owerengera mizere ya mafoni ndi akalekale: Agner Erlang wa ku Denmark anawasindikiza mu 1917 akugwira ntchito kukampani ya mafoni ya ku Copenhagen, ndipo mpaka lero ndi omwe amathandiza kudziwa kuchuluka kwa anthu ofunika kuyankha mafoni pa ola lililonse. Choncho kampani ikalemba oyankha ochepa, imakhala ikudziwa kuti mudikira. Kamtsikana kapena kamnyamata kodzakuyankhaniko musakakalipire, sikalemba anthu ntchito.

Koma mayi, pomwe munadzipweteka nokha ndi podula paja. Makina ambiri amayankha woyamba kuimba, ndiye mukadula n'kuimbanso mumakayambira kumapeto kwa mzere. Ulendo wina ikani foni pa sipika, muikhazike patebulo, muzichita zina. Nambala ya akaunti, tsiku lomwe anakudulani ndalamazo ndi cholembera zikhale pafupi. Pewani kuimba Lolemba m'mawa, pamakhala piringupiringu. Ngati makinawo akupereka mwayi woti adzakuimbireni okha, uvomereni.

Akakuyankhani, musanalongosole chilichonse funsani dzina la wolankhulayo, ndipo musadule asanakupatseni nambala ya dandaulo lanu. Foni ikaduka pakati, nambalayo ndi yomwe ingakupulumutseni kuti musayambirenso nkhani yonse kwa munthu wina.